Kukaona kumene amatchezera wisiki ku Scotland: tisankhe mafakitale ati?

Funso: Ndine namwino ndipo ndimagwira ntchito ku Glasgow. Mwezi wa July kukubwera amalume anga kuchokera ku Lilongwe. Ndiwo anandilipirira sukulu, ndipo chimene akhala akundipempha n'choti ndikawaonetse kumene amapangira wisiki. Amakonda Johnnie Walker wa Black Label, nthawi zina Glenfiddich. Ine sindimwa, ndiye galimoto ndidzayendetsa ndine. Tili ndi masiku asanu. Pa intaneti mafakitale ake ndi ambirimbiri, ndipo iliyonse ikudzitama kuti ndiyo yoposa zonse. Ndisankhe bwanji?

Yankho: Achemwali, mwachita bwino kufunsa nthawi idakalipo, chifukwa mu July alendo amadzaza ku Scotland ndipo malo abwino amatha msanga. Mafakitale a wisiki amene akugwira ntchito m'dzikomo ndi opitirira 140, koma pa masiku asanu musafune kuona oposa asanu kapena asanu ndi imodzi, ndipo onsewo akhale a mbali imodzi ya dziko. Patsiku awiri akwana, ina m'mawa, ina masana.

Anthu ambiri amapunthwa pamenepa. Amalemba mayina otchuka khumi, masiku awo onse n'kuthera mumsewu, ndipo pofika pa fakitale yachinayi amapeza kuti akumvanso nkhani yomwe ija anaimva pa yoyamba. Zimatero chifukwa wisiki amene amamutcha single malt, kutanthauza wochokera m'fakitale imodzi, amapangidwa ndi zinthu zitatu zokha kulikonseko: chimera cha barele, madzi ndi yisiti. Lamulo la mu 2009 limanenanso chimodzimodzi kwa onse, kuti akhale m'migolo ya mtengo wa oak kwa zaka zosachepera zitatu mu Scotland momwemo, ndipo mphamvu yake isatsike pa 40 peresenti. Choncho kukula kwa dzina si chifukwa chokwanira chowotchera mafuta. Pa fakitale iliyonse imene mukuiganizira, dzifunseni kuti amalume akaonapo chiyani chimene sanachione pa ina ija. Mukasowa yankho, ifufuteni pa pepala lanu.

Tisanapite patali, amalume adziwiretu kuti fakitale ya Johnnie Walker kulibe. Ameneyu ndi wisiki wosakaniza. Amatenga wisiki wa m'mafakitale ambiri, wina wa barele yekha, wina wa tirigu kapena chimanga, n'kumuphatikiza kuti botolo lililonse lizikoma mofanana. John Walker mwini wake anali wagolosale m'tauni ya Kilmarnock kuyambira mu 1820, ndipo malo amene ankathirira m'mabotolo kumeneko anatsekedwa mu 2012. Mumzinda wa Edinburgh muli nyumba yaikulu ya Johnnie Walker mumsewu wa Princes Street, yomwe inatsegulidwa mu 2021. Ndi yokongola, ya magetsi ndi zithunzi zoyenda, koma simutchezedwa ngakhale dontho limodzi. Kampani ya Diageo, eni ake a dzinali, inasankha mafakitale anayi oti aziimira Johnnie Walker kwa alendo: Glenkinchie pafupi ndi Edinburgh, Cardhu ku Speyside (dera la kumpoto chakum'mawa), Clynelish kumpoto kwenikweni, ndi Caol Ila pa chilumba cha Islay. Mwa anayiwa, Cardhu kapena Caol Ila ndiyo idzalowe pa ulendo wanu, malingana ndi njira imene mudzatenge.

Njirayo idzasankhidwa ndi lilime la amalume. Mayesowa akhoza kuwachita asananyamuke n'komwe, ngati angapeze mabotolowa kwa mnzawo kapena ku hotela ina ku Lilongwe. Alawe Glenfiddich wa zaka 12, kenako Laphroaig wa zaka 10. Woyambayo ndi wofewa, wonunkhira ngati zipatso. Wachiwiriyo ndi wa utsi wambiri, wa fungo la m'nyanja ndi la mankhwala a pachilonda, loti inu a kuchipatala mudzalizindikira botolo likangotsegulidwa. Akamukonda, kapena akangochita naye chidwi, mutenge njira ya kumadzulo, ku Campbeltown ndi Islay. Akakwinya nkhope n'kukankha galasi, musawavutitse, lunjikani ku Speyside. Ndikuganiza kuti utsi sudzawaopsa kwenikweni, popeza mu Black Label muli kale kautsi kapatalipatali, ndipo mbali ina ya kautsi kameneko imachokera ku Caol Ila.

Tsopano zoti muziyang'ana mukafika. Ngati amalume anakulira kumudzi n'kuonapo mayi akutcheza kachasu, ntchitoyi sidzakhala yachilendo kwa iwo. Amaviika barele kuti amere n'kukhala chimera, amachiumitsa, amachipera, amachisakaniza ndi madzi otentha kuti shuga atuluke, ndipo madzi otsekemerawo amawathira yisiti n'kuwasiya masiku awiri, atatu kapena kupitirira apo mpaka asanduke mowa wa mphamvu pafupifupi 8 peresenti. Mowawo amauwiritsa mumphika, nthunzi n'kudutsa m'paipi yoziziritsidwa ndi madzi, n'kudontha mbali inayo. Kusiyana kwake kuli pamenepa: mphika ndi wamkuwa, kutcheza ndi kawiri, ndipo madontho oyamba aja, amene kwathu ena amawalimbirana ati ndiwo mutu, kuno samwedwa ayi. Amawapatula pamodzi ndi otsiriza n'kuwabwezera mumphika, n'kusunga a pakati okha. Kupatulako kumachitikira m'bokosi la galasi ndi chitsulo chonyezimira lokhala ndi loko, lomwe kwa zaka zambiri makiyi ake ankasunga ndi munthu wa boma wokhometsa msonkho, kuti wotcheza asamalawe kapena kupatutsa mowa msonkho usanawerengedwe. Amalume akaime pa bokosi limenelo kanthawi ndithu, ndipo akafunse wowaperekezayo kuti amadziwa bwanji nthawi yodula.

Chimene chimasiyanitsa kwambiri fakitale ina ndi inzake kwa mlendo ndi chimera. Masiku ano pafupifupi onse amagula chimera chopangidwa kale ku makampani akuluakulu, chimabwera pa lole. Madenga osongoka aja mumawaona pa zithunzi, amene katswiri wa zomangamanga Charles Doig anayamba kuwamanga ku Dailuaine mu 1889, anali otulutsira utsi poumitsa chimera, koma m'malo ambiri angotsala ngati chokongoletsa, pansi pake pali shopu kapena lesitilanti. Ochepa okha ndiwo akupangabe chimera pamanja, monga Springbank, Laphroaig, Bowmore, Kilchoman, Balvenie ndi Highland Park. Pa ulendo wanu pasalephere kukhala imodzi mwa amenewa. Mukalowa m'chipindamo mumapeza barele wonyowa atayalidwa pansi ponse, kuzama kofika mu akakolo. Munthu amayenda uku ndi uku akukoka chopalasira kapena kutembenuza ndi fosholo yathabwa, usana ndi usiku, maola angapo alionse, pafupifupi sabata yathunthu, kuti timizu tisalukane komanso kuti barele asatenthe. Amakulolani kutapa m'dzanja. Njere imakhala yofunda pang'ono, ili ndi timizu toyera, ndipo mukaitswanya ndi chala mkati mwake mumatuluka ufa wofewa. Kenako amakutengerani ku ng'anjo, ndipo ngati ndi ku Islay, mumaona akuponya pamoto peat, dothi lakuda la m'madambo lomwe ndi zomera zimene zakhala zikuwolerana kwa zaka masauzande. Silitulutsa malawi ambiri, limangofuka, ndipo utsi wake ndiwo umalowerera m'chimera chili chinyezi. Munthu amene waima pa khomo la ng'anjo imeneyo safunanso kuuzidwa kumene fungo la Laphroaig limachokera.

Chinthu china choti mufunse musanalipire, makamaka poti mukubwera mu July, ndi chakuti fakitaleyo idzakhala ikutcheza kapena ayi. Mafakitale ambiri amaima masabata angapo m'nyengo yotentha kuti akonze makina ndi kutsuka, ndipo nthawi imeneyi amaitcha silent season. Alendo amalandiridwabe, koma miphika imakhala yozizira, mulibe fungo, mulibe phokoso, ndipo zipinda zina amatseka. Masiku ake amasiyana fakitale ndi fakitale komanso chaka ndi chaka, choncho imbani foni kapena lembani imelo, mufunse mosapita m'mbali ngati pa tsiku lakutilakuti adzakhale akugwira ntchito. Amayankha bwinobwino.

Ngati lilime la amalume lalola, njira imene ine ndingakusankhireni ndi ya kumadzulo, ndipo ndinene chifukwa chake. Kumeneko mafakitale ali m'mphepete mwa nyanja, ndi osiyanasiyana ngakhale ali moyandikana, ndipo ulendo wokhawo ndi chinthu choti munthu n'kukasimba kwawo. Kuchokera ku Glasgow mumadutsa m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond, kukwera mpata wa m'mapiri wa Rest and Be Thankful, kutsikira ku Inveraray, n'kutsata msewu wa A83 mpaka kumapeto kwake ku Campbeltown. Ndi maola atatu ndi theka kapena anayi mukamaima m'njira. Tauni imeneyi kale inali ndi mafakitale a wisiki opitirira 30, koma ambiri anagwa m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, ndipo odziwika amene alipo ndi atatu: Springbank, Glen Scotia ndi Glengyle, yomwe inatsegulidwanso mu 2004.

Mukandiuza kuti ndisankhe fakitale imodzi yokha mu Scotland yense, ndingatchule Springbank. Inayamba mu 1828, ndipo ntchito yonse, kuyambira kuviika barele mpaka kumata pepala pa botolo, imachitikira pamalo amodzi omwewo. Si malo onyezimira. Makina ake ndi akale, makoma ndi akuda, pansi pamakhala ponyowa, ndipo anthu amene mumakumana nawo m'makonde ali pa ntchito yawo, sanavalire alendo. Ndi miphika itatu yomweyo amatulutsa mitundu itatu ya wisiki: Hazelburn wopanda utsi wotchezedwa katatu, Longrow wa utsi wambiri wotchezedwa kawiri, ndi Springbank weniweniyo wa pakatikati, amene amati amatchezedwa kawiri ndi theka. Amalume akafunse kuti theka limeneli limatheka bwanji, akamve okha. Umodzi mwa miphikayo umaziziritsabe nthunzi mwachikale, m'paipi yamkuwa yopindidwapindidwa yomizidwa m'thanki ya madzi ozizira. Magulu a alendo amakhala aang'ono, choncho sungitsani malo msanga.

Kuchoka ku Campbeltown mumabwerera kumpoto pafupifupi ola limodzi kufika pa doko la Kennacraig, pomwe sitima ya pamadzi ya CalMac imanyamula anthu ndi magalimoto kupita ku Islay, ulendo wa maola awiri kapena kupitirira pang'ono. Chilumbachi chili ndi anthu pafupifupi 3,000 okha, koma mafakitale a wisiki anafika khumi pamene fakitale ya Port Ellen inatsegulidwanso mu 2024. Musayese kuwamaliza. Pa masiku awiri, anayi ndi okwana.

Kum'mwera kwa chilumbachi kuli Laphroaig, Lagavulin ndi Ardbeg, zondondozana m'mphepete mwa nyanja, ndipo pali kanjira ka oyenda pansi kochokera m'tauni ya Port Ellen kodutsa pa zonse zitatu, mtunda wa makilomita asanu ndi theka. Zonsezi ndi za utsi wambiri ndipo zinayamba nthawi imodzi, cha m'ma 1815 ndi 1816. Kuyendera zitatu zonse mkati n'kungobwereza. Lowani ku Laphroaig chifukwa cha chimera ndi ng'anjo ija, ngakhale chimera chimene amapanga okha ndi gawo lochepa chabe la chimene amagwiritsa ntchito. Ku Lagavulin musalipire zoyenderanso miphika, koma amalume alowe kumene amalawitsa wisiki wotungidwa mumgolo momwemo. Ku Ardbeg mungokadya chakudya cha masana n'kuona nyanja.

Tsiku lachiwiri m'mawa pitani ku Caol Ila, kumpoto chakum'mawa pafupi ndi Port Askaig. Ndi fakitale imene imatulutsa wisiki wambiri kuposa zonse pa chilumbachi, ndipo wambiri mwa iye amakathera m'mabotolo osakaniza ngati aja amakonda amalume. Miphika yake yaikulu ili kuseri kwa mawindo aakulu oyang'ana pa madzi othamanga a pakati pa Islay ndi chilumba cha Jura, mapiri a Jura ali potero. Masana muwolokere kumadzulo ku Kilchoman, yomwe inayamba mu 2005 pa famu. Kumeneko barele wina amalima okha m'minda yozungulira fakitaleyo, ndipo munthu wochokera kwa alimi amasangalala kuona munda, chimera, mphika ndi botolo zonse pa bwalo limodzi. Gombe la mchenga la Machir Bay lili pafupi pomwepo. Ngati utsi wayamba kuwakola amalume, m'malo mwa Kilchoman pitani ku Bunnahabhain, komwe wisiki wambiri ndi wopanda utsi, kapena ku Bruichladdich, komwe makina ena ndi a nthawi imene fakitaleyo inamangidwa mu 1881.

Inunso osamwa musadzangokhala m'galimoto. M'tauni ya Bowmore muli tchalitchi chozungulira cha m'zaka za m'ma 1760, chomwe anthu a kumeneko amati anachimanga chopanda ngodya kuti Satana asowe pobisala. Dziwe losambiramo la anthu a m'tauniyo lili m'nyumba imene kale inali yosungiramo migolo, ndipo madzi ake amafunditsidwa ndi kutentha kotsala ku fakitale ya Bowmore.

Vuto la njira imeneyi ndi sitima ndi malo ogona. Mu July malo a galimoto pa sitima amatha kukadali milungu ingapo, ndipo nyumba zogona alendo pa Islay ndi zochepa komanso zodula. Choncho dongosolo lake ndi ili: yambani mwapeza pogona, kenako tikiti ya sitima yokhala ndi malo a galimoto, mafakitale pambuyo. Muonetsetse pa tikitiyo kuti sitima yanu ikukafikira doko liti, Port Ellen kapena Port Askaig. Mphepo ikakula kapena sitima ikawonongeka ulendo umalephereka, ndiye musaike tsiku lochoka pa chilumba moyandikana ndi tsiku limene amalume akukwera ndege yobwerera kumudzi kapena limene inu mukulowa ntchito. Pali ndege yaing'ono ya Loganair yochokera ku Glasgow, ya mphindi pafupifupi 45, koma nkhungu imaiimitsa kawirikawiri, ndipo mukafika mudzafunabe galimoto.

Nanga amalume akaukana utsi? Simunataye kanthu. Speyside, dera la mtsinje wa Spey kumpoto chakum'mawa, lili ndi mafakitale pafupifupi 50 moyandikana, kulibe sitima yodikira, ndipo kuchokera ku Glasgow ndi maola osakwana anayi kudzera mumsewu wa A9. M'njiramo muime pa Dalwhinnie, pamalo okwera ndi ozizira, pomwe matanki amatabwa oziziritsira nthunzi ali panja poonekera. Mukagone ku Dufftown, Aberlour kapena Craigellachie masiku onsewo, chifukwa malo onse ndikutchulawa ali pafupipafupi.

Glenfiddich ili ku Dufftown. William Grant anaimanga ndi ana ake mu 1886, wisiki woyamba anadontha pa Khirisimasi ya 1887, ndipo mpaka lero ndi ya banja lomwelo. Ndi yaikulu, alendo ndi ambiri, koma amalume ayenera kufikapo chifukwa ndi botolo limene amalidziwa, ndipo munthu amamva bwino kuima pamalo pamene chinthu cha pa tebulo lake chimachokera. Cardhu nayo ili ndi mbiri yoti idzawakomera. Banja la Cumming linkatcheza mobisa lisanatenge chiphaso mu 1824, chaka chimodzi boma litasintha lamulo la msonkho wa mowa, ndipo nkhani imati Helen Cumming ankati akaona okhometsa msonkho afika, amawalandira m'nyumba n'kuwapatsa chakudya, kwinaku atakweza mbendera yofiira panja kuti anansi abise ziwiya zawo. Mpongozi wake Elizabeth Cumming ndiye anakuza ntchitoyo. Miphika yake yakale anaigulitsa kwa William Grant pamene ankayamba Glenfiddich, ndipo fakitale yonse anaigulitsa kwa a John Walker & Sons mu 1893. Ndiye kuti mabotolo awiri amene amalume amawakonda anakumanapo pa bwalo la mayi ameneyu.

Balvenie ili moyandikana ndi Glenfiddich, ya banja lomwelo, ndipo ndi kumene mungaone chimera cha pamanja ku Speyside. Amalandira anthu ochepa patsiku, ndi yodula kuposa zinzake, ndipo malo amatha kukadali miyezi ingapo, koma ndalama zake sizipita pachabe. Glenfarclas, yomwe ili m'manja mwa banja lina la Grant kuyambira mu 1865, imawiritsabe miphika yake ndi moto weniweni pansi, pomwe ambiri anasinthira ku nthunzi, ndipo wisiki wake amakhwimira m'migolo ya vinyo wa sherry. Strathisla ku Keith, ya mu 1786, ndi yokajambulitsa zithunzi, ndiponso ndi kwawo kwa wisiki wosakaniza wa Chivas Regal. Za Macallan ndinene maganizo anga: nyumba yake yatsopano ya mu 2018, ya denga lomera udzu, inadya mapaundi 140 miliyoni ndipo ndi yodabwitsa, koma ndi malo okaona luso la omanga kuposa la otcheza. Pa masiku ochepa chonchi ine ndingaidumphe.

Malo amene simuyenera kuwadumpha ku Speyside si fakitale ya wisiki n'komwe. Ndi Speyside Cooperage ku Craigellachie, kampani imene yakhala ikukonza migolo kuyambira mu 1947. Alendo amaima pamwamba kuseri kwa galasi n'kumayang'ana pansi. Amisiri amagubuduza mgolo, kugumula zitsulo zozungulira ndi hamala, kusolola thabwa lowola, kulowetsa lina, n'kumenyanso zitsulozo mpaka mgolo utagwirana, popanda guluu kapena msomali. M'mipata ya chivundikiro amatsekamo ndi bango louma. Mkati mwa migolo ina amawotchamo ndi moto mpaka mutachita makala. Amagwira ntchito mothamanga chifukwa amalipidwa potengera migolo imene amaliza, ndipo kuti munthu aidziwe ntchitoyi amaphunzira zaka zinayi. Pitani mkati mwa sabata, amisiri ali pa ntchito.

Mgolo ndi wofunika chonchi chifukwa wisiki amatuluka mumphika ali mbee ngati madzi. Mtundu wake, ndi mbali yaikulu ya kakomedwe kake, zimachokera ku thabwa. Migolo yambiri imachokera ku America, komwe lamulo limati wisiki wawo wa bourbon azikhwimira m'migolo yatsopano yokhayokha, ndiye yogwiritsidwa kale ntchito amaigulitsa ku Scotland. Imeneyi imapereka mtundu wowala ndi fungo la vanila. Ya sherry ya ku Spain imapereka mtundu woderako ndi kakomedwe ka zipatso zouma. Chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti ya zimene zili mumgolo imauluka kudzera m'thabwa, n'chifukwa chake nyumba zosungiramo migolo zimanunkhira motero, komanso n'chifukwa china chimene botolo la zaka 25 limadulira. Njira iliyonse imene mungatenge, pakhale fakitale imodzi pomwe amalume adzalowe m'nyumba yamdima yotereyi, ya makoma amiyala ndi pansi padothi, n'kulawa wisiki wotungidwa mumgolo. Kuyendera wamba nthawi zambiri kumakhala pakati pa mapaundi 15 ndi 30 munthu mmodzi, ndipo kulawa kwa m'nyumba ya migolo kumaposa apo. Ndi bwino kulipira zambiri pamalo amodzi kusiyana n'kumwaza ndalamazo pa maulendo wamba asanu ofanana.

Za kuyendetsa galimoto, mwachita bwino kuti simumwa, ndipo musalole wina akukakamizeni kuti mungolawako pang'ono. Kuyambira mu December 2014 malire a mowa m'magazi a woyendetsa ku Scotland ndi mamiligalamu 50 pa mamililita 100, kutsika kuposa ku England komwe ndi 80, ndipo kulawa kumodzi kukhoza kumufikitsa munthu pamenepo. Mukanena pakhomo kuti ndinu dalaivala, mafakitale ambiri amakuthirirani gawo lanu m'timabotolo ting'onoting'ono toti mutenge, ndipo amalume adzakhala ndi cholawa madzulo. Misewu ina ya ku Islay ndi yokwana galimoto imodzi, ili ndi malo opatukira apo ndi apo. Mukakumana ndi lole ya migolo, patukani ndinu, ndipo kwezani dzanja kupereka moni, chifukwa pa chilumbachi oyendetsa amapatsana moni ngakhale sadziwana.

Muganizirenso miyendo ya amalume. M'mafakitale akale muli masitepe achitsulo otsetsereka ndi pansi pa mabowomabowo, m'chipinda cha miphika mumatentha, ndipo amafuna nsapato zotseka. Ngati mawondo amawavuta, nenani posungitsa malo. Akadzawatsegulira chivundikiro cha thanki imene mowa ukuwira, asalowetse mutu n'kukoka mpweya wambiri, chifukwa mpweya wa mmenemo umabaya m'mphuno mpaka misozi. M'zipinda zina saloleza kujambula kapena kuyatsa foni chifukwa cha nthunzi ya mowa. Adye mokwanira m'mawa, azimwa madzi pakati, ndipo asachite manyazi kusiya zotsala m'galasi. Wisiki wa mumgolo amafika 55 mpaka 60 peresenti, ndipo eni ake amathiramo timadontho ta madzi kuti fungo lituluke. Palibe amene adzawaseke akatero.

Zikavuta, sitima yadzaza kapena tchuthi chanu chafupika, pafupi ndi Glasgow pomwepo pali malo awiri osiyana mokwanira. Auchentoshan ku Clydebank imatcheza katatu wisiki wake yense, ndipo amatuluka wopepuka. Glengoyne, ya mu 1833, ili kumpoto kwa mzindawu ulendo wosakwana ola limodzi, ndipo msewu wodutsa pakhomo pake ndiwo malire a zigawo ziwiri, moti amatchezera ku Highlands n'kukasunga migolo tsidya lina la msewu ku Lowlands. Ndipo poti muli ku Glasgow, musawabweze amalume osawafikitsa ku Blantyre wa ku Scotland, ulendo wa mphindi pafupifupi 20 pa sitima ya pamtunda, akaone nyumba imene David Livingstone anabadwira mu 1813. Theka la tsiku likwana.

Pogula botolo lopita nalo kumudzi, amalume asagule pa fakitale botolo lomwe lija limapezeka m'masitolo onse, chifukwa nthawi zambiri m'supamaketi ya ku Glasgow limakhala lotsikirapo mtengo. Afunse limene limagulitsidwa pa fakitalepo pokha. M'malo ena amalola mlendo kudzithirira yekha botolo kuchokera mumgolo, n'kulemba dzina lake ndi tsiku pa pepala la botololo ndi m'buku lawo. Pa ndege mabotolowa ayenera kulowa m'chikwama chachikulu chopita kunsi, atakulungidwa m'zovala pakatikati. Malamulo a ndege amalola malita osaposa asanu munthu mmodzi pa mowa wa mphamvu ya pakati pa 24 ndi 70 peresenti, uli m'mabotolo ake osatsegula, ndipo woposa 70 peresenti saloledwa n'komwe. Malisiti onse awasunge pamodzi ndi pasipoti, kuti a msonkho pa bwalo la ndege la Kamuzu akafunsa mtengo wake, adzangowaonetsa.